Ndinkayesa art director ndi amene amajambula bwino kuposa onse

Chikwangwani choyamba chimene ndinalemba ndekha chinali cha saluni ina ku Chibavi. Ndinayamba ndi zilembo zikuluzikulu, zonenepa bwino, koma ndisanafike kumapeto thabwa linandithera. Zilembo zitatu zomaliza ndinangozipanikiza ngati anthu m'minibasi ya ku Nkhata Bay. Madala amene ankandiphunzitsa ntchito atafika anaima chapatali, manja kumbuyo, n'kuyang'anitsitsa. Sanandikalipire. Anangoti, "Iwe, tawoloka msewu ukaime uko, undiwerengere." Ndinawoloka. Ndili tsidya lija ndinkawerenga theka loyamba lokha, kwinako kunali nyerere zokhazokha. Nditabwerera anatulutsa choko ndi kachingwe m'thumba la ovolosi n'kundipatsa. "Burashi imabwera pomaliza, mwana wanga. Uziyamba wayeza."

Lero ndimagwira ntchito ya art director pa kasitudiyo kakang'ono konkuno ku Mzuzu. Timapanga makatuni a mauthenga, zotsatsa malonda za pa TV ndi pa foni, ndi zithunzi za m'mabuku. Achinyamata amandifunsa kawirikawiri kuti munthu amafika bwanji pamenepa, ndipo funso lawo loyamba limakhala la pulogalamu: ndiphunzire iti? Ndiyankha, koma si pamene panali vuto langa.

Dzina la ntchitoyi m'Chichewa mulibe. Amayi anga akafunsidwa kutchalitchi amati ndimajambula zidole za pa TV, ndipo ndinasiya kuwakonza. Koma kunena zoona, art director ndi munthu amene amagamula mmene chinthu chonse chidzaonekere: anthu a m'nkhani akhale otani, mitundu ikhale iti, nyumba ndi mitengo zijambulidwe motani, kuwala kuchokere kuti. Akatha kugamula, amaonetsetsa kuti anthu asanu kapena makumi awiri amene akujambula atulutse chinthu chooneka ngati chatuluka m'dzanja limodzi. Mbali yachiwiriyi ndi imene inandigwetsa, ndipo ndifika pamenepo.

Kuyunivesite sindinapiteko. Mapointi anga a MSCE sanalole. Amene muli ndi mwayi wokaphunzira zaluso ku yunivesite ya ku Zomba, pitani, musamvere anthu amene amati luso silifuna sukulu. Ine zinthu zina zimene anzanga anaziphunzira m'teremu imodzi, monga mmene mafupa ndi minofu zimayendera munthu akamayenda, zinanditengera zaka, ndipo mpaka pano ndikajambula dzanja ndimayamba ndayang'ana langa. Sukulu yanga inali madala aja, makwerero amatabwa, ndi fungo la tinala. Tinkalemba magolosale ku Chiputula, mabala, zigayo, magalaja a ku Luwinga, nthawi zina mayina kumbuyo kwa malole. Kumeneko ndinaphunzira kuti chithunzi chimapangidwira munthu amene ali pa sacramento, njinga ya kabaza ya kuno, akudutsa, amene ali ndi masekondi awiri okha oti aone, osati iwe amene mphuno yako ili pathabwa.

Kenako mabanala apulasitiki osindikiza pa makina anayamba kulanda ntchito ya burashi. Ndinaona kuti zinthu zikupita kwina, ndinapempha malo pa shopu ina yosindikiza m'tauni. Ndinayamba ndi kudula mapepala ndi kupinda makadi, ndikuba ndi maso zimene mnyamata wa pakompyuta ankachita mu pulogalamu yojambulira ya CorelDRAW. Atachoka, mpando unakhala wanga. Ntchito yake inali makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro amene amafunika mawa m'mamawa, makalendala a makwaya, matisheti a masukulu.

Pa shopu imeneyi ndi pamene ndinalipira sukulu fizi yanga yeniyeni. Mayi wina anabwera ndi kansalu ka buluu wa ukwati wa mwana wawo, akufuna makadi ofanana nako. Pa sikirini ndinasankha buluu wowala bwino, iwo anavomera, tinasindikiza onse. Anatuluka apepo. Mayi aja anaika kansalu kaja pambali pa khadi osalankhula kanthu, ine thukuta kamukamu ngakhale kunja kunkawaza kamvula ka mu June. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, zimene timati RGB. Makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, CMYK, ndipo buluu wowala wa pa sikirini inki simukwanitsa, kawirikawiri amapendekera ku pepo. Palibe anandiuzapo. Ndalama ya mapepala ndi inki inadulidwa pa malipiro anga miyezi iwiri. Kuyambira pamenepo sindisindikiza chinthu chambiri ndisanatulutse chimodzi n'kuchionetsa mwini wake panja, padzuwa.

Makatuni ndinawalowa chifukwa cha njala. Mu 2020 Covid-19 itafika, sukulu zinatsekedwa mu March, maukwati anachepa, shopu inangoti zii. Koma mabungwe ankafuna timavidiyo tifupitifupi tophunzitsa kusamba m'manja ndi kuvala masiki, toti anthu azitumizirana pa WhatsApp, ndipo kusonkhanitsa anthu kuti ajambulidwe pa kamera kunali kovuta. Mnzanga wina anandifunsa ngati ndingathe kuyendetsa zithunzi zanga. Ndinati eya, ndisakudziwa n'komwe poyambira.

Apa ndiyankhe funso la pulogalamu lija. Ndinaphunzira Blender, chifukwa ndi yaulere. Inachokera ku Netherlands, kwa Ton Roosendaal, ndipo kuyambira 2002 aliyense amaitenga popanda kulipira. Mu 2019 munatuluka Blender 2.8 imene inakonza bwino chida chotchedwa Grease Pencil, chojambulira makatuni a 2D ngati ukujambula papepala. Pojambula zithunzi zoima ndinkagwiritsa ntchito Krita, nayonso yaulere. Ndinkagula bandulo ya usiku, kutsitsa mavidiyo ophunzitsa pa YouTube, n'kumawaonera masana mobwerezabwereza pa laputopu ya kaunjika imene fani yake inkalira ngati chigayo. Ngati wina akukuuzani kuti pulogalamu yaulere ndi ya ana, muuzeni kuti Flow, filimu ya ku Latvia imene inapata Oscar ya makatuni mu 2025, inapangidwa pa Blender yomweyi.

Munthu wanga woyamba kuyenda sankayenda, ankatsetsereka ngati ali pa simenti yothira sopo. Miyendo ikupita uku, nthaka ikupita uko. Zinanditengera masabata kuti ndimvetse kuti phazi likaponda pansi liyenera kukhala pomwepo mpaka linyamuke, ndiponso kuti thupi limatsika pang'ono likalandira kulemera. Ndinkakhala pa depoti kumangoyang'ana miyendo ya anthu, mpaka ena ankandiyang'ana moipa.

Masamu ake muwadziwiretu musanalonjeze munthu tsiku. Filimu ya m'kanema imakhala ndi mafulemu, kapena kuti zithunzi zosinthana mofulumira, 24 pa sekondi, TV ya kwathu kuno 25. Pa TV, mphindi imodzi ndi mafulemu 1,500. Ambiri timajambula chithunzi chimodzi n'kuchisiya mafulemu awiri, ndiye mphindi imodzi imafuna zithunzi pafupifupi 750. Kasitomala akati "kavidiyo kakafupi, mphindi zitatu basi", akunena zithunzi zoposa 2,000 ngati mukujambula chilichonse pamanja. Zilipo njira zochepetsera, monga kumanga chidole chokhala ndi mfundo n'kumachiyendetsa, kapena kusiya thupi lili phee pakamwa pokha n'kumayenda. Koma ine poyamba sindinkawerengera, ndinkangotchula mtengo poona nkhope ya kasitomala, ndipo kangapo ndinagwira mwezi wathunthu pa ndalama imene ndikanaipeza polemba zikwangwani zitatu.

Udindo wa art director sindinaupemphe, unandigwera. Kolera itavuta mu 2022 mpaka kulowa 2023, bungwe lina linafuna makatuni angapo otsatizana, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, pa nthawi yochepa. Ndekha sizikanatheka. Ndinasonkhanitsa anthu anayi: anyamata awiri odziwa kuyendetsa zithunzi, wina wojambula malo, ndi mtsikana amene anali atangomaliza maphunziro ake ku Mzuni, wa dzanja labwino kwambiri pa nkhope za anthu. Tinachita lendi chipinda ku Katoto. Inali nthawi imene namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira, mu January 2022, ndiye magetsi ankabwera ngati mlendo. Tinkagwira ntchito potsata magetsi, osati potsata wotchi. Akayaka pakati pa usiku, timadzuka.

Ndinawafotokozera nkhani, ndinawaonetsa chithunzi chimodzi cha mayi amene anali mwini nkhaniyo, ndinagawa zigawo, aliyense n'kuyamba. Patatha sabata ziwiri tinalumikiza zimene tinapanga. Mayi uja anatuluka m'nyumba ali wamfupi wonenepa, pofika pa mjigo anali atatalika, pobwerera duku lake lofiira linali lasanduka la olenji, ndipo mwana amene anabereka kumbuyo ankakula n'kuchepa ngati chibaluni. Aliyense anajambula bwino. Koma anali amayi anayi osiyana.

Chimene ndinachita ndi chimene ndikufuna musadzachite. Sindinanene kanthu. Anzanga akaweruka, ine ndinkatsala, kutsegula mafayilo awo n'kumajambulanso nkhope imodziimodzi kuti zifanane ndi dzanja langa. Mumtima ndinkati ndiye ntchito ya mkulu imeneyi: amene amajambula bwino kuposa onse akonze za anzake. Ndinachita zimenezi pafupifupi milungu itatu. Ndinkagona maola atatu, maso anafiira, ntchito yanga yeniyeni yokonzekera zigawo zotsatira inaima, ndipo anzangawo ankapitiriza kulakwitsa zomwezo chifukwa palibe anawauza kuti akulakwitsa.

Tsiku lina m'mamawa, chifunga chili thoo panja, mtsikana uja anatsegula fayilo yake n'kukhala chete nthawi yaitali. Kenako anazungulira ndi mpando wake.

"Achimwene, nkhope izi si zanga."

Ndinayamba kuzungulirazungulira, ndati ndinangokhudza pang'ono.

"Ayi, mwajambulanso zonse. Ngati mumafuna kujambula nokha mukanangotiuza, ife tizikuphikirani tiyi. Ine ndinabwera kuno kudzaphunzira. Ndiphunzira chiyani ngati cholakwa changa chikuzimiririka usiku ine ndili mtulo?"

Anyamata aja anangoweramira m'makiyibodi. Zinandiwawa, ndipo tsiku lonse ndinali ndi mayankho ambiri mumtima, onse onena za kutopa kwanga. Koma madzulo ndikukwera mtunda wopita kunyumba ndinakumbukira madala aja. Chikwangwani cha saluni chija akanatha kuchifufuta okha n'kulemba bwino m'ola limodzi. Anandiwolotsa msewu.

M'mawa mwake tinaimitsa ntchito yonse masiku atatu, ngakhale tsiku lopereka linali pafupi. Tinapanga zimene ndinayenera kuyamba nazo. Mayi uja tinamujambula kutsogolo, cham'mbali, kumbuyo ndi chopendekera, zonse pa mzere umodzi. Tinagwirizana kuti msinkhu wake ndi mitu isanu ndi theka, mwamuna wake mitu isanu ndi umodzi, mwana wamkulu amafika m'chiuno mwa mayi ake. Tinajambula nkhope yake akuseka, akudabwa, ali ndi nkhawa, akukalipa. Tinajambula milomo yake pa a, e, i, o, u, ndi potseka pa m, b, p. Mtundu uliwonse tinaupatsa nambala yake, moti duku silinalinso "lofiira" koma nambala imene aliyense amakopera. Tinagwirizana kunenepa kwa mzere, ndi kuti mthunzi uzikhala umodzi wokha, wopanda kusalaza. Zonsezi tinasindikiza n'kumata pakhoma. Amazitcha model sheet ndi style guide. Ndi choko ndi chingwe cha ntchito ino.

Chodabwitsa n'chakuti pa nkhope tinatsatira dzanja la mtsikana uja, osati langa. Titaika zojambula zathu pamodzi pakhoma zinaonekeratu kuti mayi wake anali wamoyo, wanga anali wokongola chabe. Kuvomereza zimenezo pamaso pa anthu amene ukuwalipira si chinthu chokoma. Koma ndi tsiku limenelo pamene ndinayamba kugwira ntchito ya art director.

Ndinaphunziranso kulankhula. Kale ndinkati "sizikuoneka bwino" kapena "taikonzenso", mawu amene sathandiza aliyense. Tsopano ndimanena chimene chithunzicho chikulephera kuchita: diso langa likupita ku mtengo uwo m'malo mopita ku manja a mwanayu, nkhope ndi khoma zafanana kuda, mayiyu akuoneka wokwiya pomwe mawu ake ndi odandaula. Njira yokonzera ndimasiyira mwini wake, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi yabwino kuposa imene ndinali nayo. M'mawa uliwonse timaonera limodzi ntchito ya dzulo mphindi zochepa, aliyense akuona za mnzake. Cholembera changa chofiira chimalemba pamwamba pa kope, fayilo ya munthu sindiikhudza.

Manyazi achiwiri anabwera titamaliza gawo loyamba. Bungwe lija linakonza zokaonetsa katuniyo kwa amayi ena cha ku Ekwendeni tisanaitulutse. Tinaika laputopu pa tebulo m'kalasi, amayi atakhala pa mabenchi, ana akusuzumira m'mawindo. Ine ndinaima kumbuyo ndikudikira kuyamikiridwa. Pofika pamene mayi wa m'katuni akusenza ndowa, kalasi yonse inaphulika ndi kuseka. Gogo wina analoza sikirini n'kunena m'Chitumbuka kuti mayi ameneyu mutu wake ndi wachitsulo kodi, akusenza madzi opanda nkhata? Wina anati ndowa yodzadza munthu sainyamula yekha chotero ngati ndi dengu lopanda kanthu, amayamba waiika pabondo kapena mnzake amamusenzetsa. Kenako panafika posamba m'manja, pamene tinajambula mpopi ndi sinki m'khitchini. Apa sanaseke. Mayi wina anangoti, "Abambo, uthengawu ndi wa mabwana a m'tauni. Ife mpopi wa m'nyumba tiutenga kuti?"

Ine ndinakulira pamalo pamene amayi anga ankasenza madzi tsiku lililonse. Nkhata ndimaidziwa. Koma nditakhala pakompyuta ndinafufuza zithunzi pa intaneti, ndinatsatira zimene ndinaona m'makatuni a kunja, ndipo maso anga a kwathu ndinawasiya pakhomo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tinabwerera n'kukonza: nkhata pamutu, mnzake womusenzetsa, ndowa yokhala ndi kampopi pa mpando panja, wina akuthirira mnzake madzi ndi jagi m'malo moti banja lonse lisambe m'beseni limodzi, chimene chinali uthenga weniweniwo.

Kuchokera tsiku limenelo, ntchito iliyonse timaiyamba ndi miyendo. Timapita ndi foni ndi kabuku kojambulamo. Tili ndi foda yaikulu ya zithunzi za Mzuzu: nyumba za ku Masasa mmene zinakhalira pamtsetse, dothi lofiira la m'misewu ya ku Mchengautuba mvula ikagwa, miyala ndi matayala pamwamba pa malata, khushoni ya sacramento ndi mphonje zake, milu ya zitenje mu Taifa Market, nthochi ndi chinangwa pamsika, mapaini a ku Chikangawa, mtundu wa thambo la kuno m'mwezi wa July limene silikhala labuluu ngati la m'mabuku koma lotuwa ngati bulangete lakale. Munthu tisanamujambule timapempha. Chitenje cha m'katuni timapanga chathu potengera kalembedwe kake, ndipo timachepetsa maluwa, chifukwa amene adzachijambule maulendo 700 ndi munthu, si makina.

Pali china chimene mavidiyo ophunzitsa a kunja sanandiuze: khungu lakuda pa foni yotchipa. Pa sikirini yabwino nkhope ya bulauni woderapo imaoneka bwino, maso, mphuno, zonse. Vidiyo yomweyo ikadutsa pa WhatsApp n'kufinyidwa, kenako n'kuonedwa pa kafoni kowala pang'ono, padzuwa, nkhope imasanduka chibanthu chakuda chokhala ndi mano. Njira yaulesi ndi kuyeretsa anthu, ndipo ndaona ambiri akuchita zimenezo mpaka Mtumbuka wa ku Mzimba kuoneka ngati mwenye. Ife timakana. Timasiya khungu mmene lilili, n'kuwalitsa zimene zili kumbuyo kwa mutu, kuika kuwala pang'ono m'mphepete mwa tsaya ndi pamphumi, ndi kugwiritsa mzere wa bulauni wakuda kwambiri wooneka pakhungupo. Mu ofesi muli kafoni kosweka galasi kamene ntchito yake ndi imeneyi basi. Chilichonse chisanapite kwa kasitomala timadzitumizira pa kafoniko, n'kutuluka nako panja.

Za ndalama ndinene mosabisa, chifukwa aluso ambiri timafera pamenepa. Kasitomala wina, titamaliza zonse, anabwera ndi uthenga woti komiti yawo yaona kuti mwamuna wa m'nkhani asakhale mlimi, akhale msodzi. Kwa iwo kunali kusintha liwu limodzi. Kwa ife kunali munda kusanduka nyanja, khasu kusanduka ukonde, milungu itatu ya ntchito. Panalibe pepala lililonse lotiteteza, ndipo tinagwira ulere. Lero ndondomeko yathu ndi yowuma: mawu a nkhani avomerezedwe ndi siginecha, kenako storyboard, zithunzi zosonyeza chochitika chilichonse, isainidwenso, kenako timajambula mawu a osewera n'kuwalumikiza ndi storyboard ija kukhala animatic, kuti kasitomala aone kutalika ndi kayendedwe kake zithunzi zisanayambe kuyenda. Kusintha pa storyboard ndi ntchito ya ola limodzi ndi pensulo. Kusintha pambuyo pake kuli ndi mtengo wake, ndipo zimalembedwa mu mgwirizano, pamodzi ndi maulendo amene angatibweze kuti tikonze. Theka la ndalama limayamba lalowa tisanayatse kompyuta. Amene wakana dipoziti, ndaona kuti ndi yemweyo amene amadzavuta pomaliza.

Ngati katuni idzakhala m'zilankhulo ziwiri, jambulani mawu onse awiri poyamba. Chiganizo cha Chichewa ndi cha Chitumbuka sizitalika mofanana, ndipo mukayendetsa milomo potsata chimodzi, chinacho munthu amatseka pakamwa mawu akupitirira.

Mabungwe akuluakulu salipira munthu wopanda mapepala. Lembetsani bizinesi, tengani nambala yolipirira msonkho ku MRA, tsegulani akaunti ya kubanki ya bizinesiyo, ndipo akakudulani msonkho pa malipiro muzitenga satifiketi yake. Pa kotesheni muzilemba kuti mtengowo ukugwira ntchito masiku angati. Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene tinali titatchula mitengo mwezi wapitawo tinaona zakuda, makamaka anzathu amene amalipira mapulogalamu a Adobe mwezi ndi mwezi m'madola. Pa umwini wa ntchito, dziko lino lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo COSOMA ndi imene imayang'anira zimenezi. Mu mgwirizano muzinena momveka kuti kasitomala akugula vidiyo yomalizidwa yokha kapena ndi mafayilo ake omwe, ndi kuti muli ndi ufulu woionetsa ngati chitsanzo cha ntchito yanu. Nyimbo ya woimba wina musaiike chifukwa choti mumaikonda. Oimba ali mbwee mu Mzuzu muno, mulipireni mmodzi akupangireni yanu.

M'masitudiyo akuluakulu, monga Triggerfish ya ku Cape Town, makwerero ake ndi oonekera. Munthu amayamba ngati wojambula malo, wopanga maonekedwe a anthu a m'nkhani, kapena wa storyboard. Akakhwima amatsogolera kagulu. Kenako amadzakhala art director, ndipo pamwamba pake pamakhala production designer kapena creative director. Kwathu kuno makwerero amenewa kulibe, umakwera khoma ndi zikhadabo, lero ndiwe wojambula, mawa wa akaunti, mkuja wokagula mafuta a jenereta. Koma dera lathu lino silili kutali ndi dziko monga timaganizira. Supa Team 4, imene inatuluka pa Netflix mu 2023, nkhani yake inachokera kwa Malenga Mulendema wa ku Zambia, ndipo imachitikira mu Lusaka. Si kutsidya kwa nyanja kumeneko, ndi kwa aneba.

Ena amandifunsa chifukwa chake sindisamukira ku Lilongwe kumene kuli malikulu a mabungwe, kapena ku Blantyre. Ndinaganizapo, ndipo sindinganame, ntchito zina zimandidutsa chifukwa sindili pafupi ndi amene amasaina macheke. Kangapo ndakwera basi ya usiku kukachita msonkhano wa ola limodzi. Koma lendi ya kuno ndi yopirika, mafayilo amayenda pa intaneti, makompyuta satentha kwambiri m'nyengo ya kuno, ndipo aliyense wofuna ntchito ya m'Chitumbuka kapena yooneka ngati kumpoto amatipeza ife. Mnyamata amene akuyamba kumene, wopanda banja, ndingamuuze kuti apite kumene kuli anthu omuposa akakhale pansi pawo zaka ziwiri zitatu. Ine ndinachedwa chifukwa ndinalibe wondiuza kuti apa walakwitsa.

Mukanditumizira portfolio, kutanthauza zitsanzo za ntchito yanu, musanditumizire zithunzi 60. Khumi zikwana, ndipo chofooka chichotseni, chifukwa ndi chimene ndidzachikumbukire. Zithunzi za anthu a m'makatuni a ku Japan zimene munakopera zimandiuza kuti muli ndi dzanja, koma sizindiuza ngati muli ndi maso. Ndionetseni agogo anu akusenda chinangwa. Ndionetseni munthu mmodzi mbali zinayi ali yemweyo. Ndionetseni zoyesera zimene munataya musanafike pa chomaliza, chifukwa pamenepo ndi pamene ndimaona mmene mumaganizira. Za AI ndimafunsidwanso. Timaigwiritsa nthawi zina pofufuza maganizo, koma tsiku lina nditaipempha mudzi wa ku Malawi inandipatsa nyumba zozungulira, mtengo wa kesha ndi nyamalikiti chapatali. Nkhata nayonso sinaiike.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti ndimajambula pang'ono tsopano kusiyana ndi kale. Tsiku limatha ndi misonkhano, makotesheni, kuona ntchito za ena. Pena ndimachita nsanje ndikaona mtsikana uja, amene lero ndi amene amatsogolera ojambula anthu, atavala mahedifoni ali mkati mwa nkhope imodzi kuyambira m'mawa. Loweruka ndimatenga kabuku kanga n'kukakhala pafupi ndi msika kuti dzanja lisaume.

Mwezi wathawu ndinapita kukaona madala aja. Anakalamba, makwerero anasiya, amangolemba manambala a nyumba ndi mitanda ya kumanda pakhonde pawo. Ndinawaonetsa katuni yathu yatsopano pa foni. Muli malo ena pamene mwana akuthamanga kudutsa pa golosale, ndipo pa golosalepo tinaika chikwangwani chimene zilembo zake zomaliza n'zopanikizana, dala, chifukwa ndi mmene zikwangwani zambiri za m'makwalala athu zimaonekera. Chimaoneka sekondi imodzi yokha. Madala anaika chala pa sikirini.

"Tabweza pamenepo."

Ndinabweza. Anayandikitsa foni kumaso, kenako anaitalikitsa mpaka pamene mkono wawo unathera.

"Iwe," anatero, "zaka zonsezi sunaphunzirebe kuyeza?"